Chikhatho cha Likongwe, Chigongono cha Chiuli

Padangotero, ndipo amene muli nane munene kuti tili tonse. Anali masiku aja mchere unkabwera pamutu, njira zonse zikadali za mapazi, mlendo ankadziwika ndi fumbi la mu akakolo. Masiku amenewo anapita ndi eni ake, koma nkhani zake zimakakamirabe m'makutu ngati chisoso pa nsalu.

Mfumu Chipembere inali ndi alonda operekeza amtengatenga a mchere, ndipo kapitawo wa alondawo, wovala nthenga yofiira pamutu, anali Nsato. Nsato anakalamba, maso n'kuyamba kuchita chidima. Ulendo wina anazenga chitsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuchiuza kuti chiulule kumene chabisa mchere wa mfumu. Nkhaniyo itamveka, mfumu inamuitana.

"A Nsato, ntchito mwagwira, kapumeni. Koma nthengayo musaiponye pansi. Tipezereni mutu woti tiisomekepo."

"Zikomo, mfumu," anatero Nsato. "Mutuwo ndiupeza m'bwalo. Aliyense wofuna nthengayi azilowa kudzalimbana nane tsiku lililonse la msika, mpaka chizimalupsa chitagwa. Wojomba tsiku limodzi watuluka. Kugonja kwa ine si mlandu, poti chibadwire palibe anandigwetsapo. Ndikakupana, iwe n'kumva kuti fupa likulira, menya pansi ndi chikhatho, ndikusiya pomwepo. Ndiwo mwambo wa bwalo, tinachita kuupeza. Ukapanda kumenya, sindikusiya mpaka mfumu itanena kuti zakwana. Amene adzatsale pa tsiku lomaliza adzalimbana okhaokha, ine ndili woweruza."

Mfumu Chipembere inali yokonda zoonerera kuposa zoweruza. Inagwedeza nyanga mokondwa.

"Inenso ndiwonjezerapo. Wopirira nthawi yaitali m'manja mwa a Nsato, pepani, manja mulibe, ndimati m'nkhata ya a Nsato, tsiku limenelo ndizimuponyera chigulumwa cha mchere."

Nsato anayang'ana mfumu, anatulutsa lilime, analibweza.

Ofuna nthenga anabwera anayi: Njiri, Nyani, Chiuli ndi Likongwe.

Chiuli sankaifunira mchere nthengayo. Bambo ake ndiwo ankaivala Nsato asanaivale, ndipo anafera panjira akuteteza katundu wa mfumu. Chikulire aliyense ankamutcha mwana wa kapitawo, dzina lomwe linkamulemera ngati mphero, poti iye mwini anali wongofula njuchi. Anali wamphamvu, wosaopa mbola kapena mano, ndipo khungu lake linali lochindikala koma lotayirira ngati malaya obwereka: ukamugwira, ankangotembenukira m'kati mwa khungulo n'kukuluma. Nthenda yake inali imodzi, yokayikira. Ukamupatsa moni ankayamba wasuzumira kumbuyo kwako. Ukamupatsa madzi ankadikira kuti uyambe wamwako.

Likongwe anali msuweni wake, mwana wa azakhali ake, kanyamata kowonda, kotalika msana ngati lamba. Ndipo mukudziwa za chisuweni: mawu a msuweni alibe mlandu. Akhoza kukutukwana pakhamu, akhoza kukuuza kuti nyumba yako yapsa, iwe n'kungoseka. Chiuli ankaseka monga mwa mwambo, koma m'mtima ankasunga liwu lililonse n'kumalinunkhiza.

Tsiku loyamba analowa Njiri. Nsato anamuzenga n'kuyamba kufinya. Njiri anatong'ola maso, thovu kukamwa, koma chiboda chinakana kugunda pansi mpaka mfumu inanena kuti zakwana. Anatuluka akudzandira, chigulumwa cha mchere chili kukamwa. Nyani nayenso anapirira, koma pang'ono kuchepera apo. Chiuli atalowa, Nsato anamukulunga bwinobwino, koma pofinya anangotsala ndi mphepo: Chiuli anali atatembenuka m'khungu lake n'kupulumuka ngati nthochi m'khoko. Khamu linakuwa.

Kenaka analowa Likongwe, akumwetulira, n'kupereka khosi ngati wobwera kudzametetsa. Nsato anazenga. Mfundo itangomangika, pha pha pha! Chikhatho pansi. Ena m'khamumo anali asanapeze n'pokhala pomwe. Kunali kuseka kwa mtundu wina, kogwira m'mimba.

Pobwerera kunyumba Chiuli anamupeza panjira.

"Iwe Likongwe, m'bwalo muja wadzeramo chiyani?"

"Nthenga, asuweni. Kapena kukugawidwanso china?"

"Nthenga ndi chikhatho chimenecho? Unamenya pansi ine ndisanamalize n'kuphethira komwe."

"Ndiye kuti mumachedwa kuphethira. Tamverani, ndikuuzeni mwaulere poti ndinu magazi anga. A Nsato akamanga mfundo, yamangika. Kupirira sikumasula mfundo, kumangowonjezera ululu. Ine ndimamenya pansi kuti msika winawo ndibwerenso ndi ziwalo zanga zonse."

"Basi?"

"Basi."

Chiuli anayenda nawo mawuwo mpaka kunyumba, akuwatembenuzatembenuza. Basi? Likongwe yemwe uja anaba mazira pansi pa nkhuku, nkhukuyo n'kumuthokoza, angakhale ndi nzeru yoonekera pansi ngati madzi a m'chikho? Ayi ndithu. Pamene msuweni wakusesera njira, pamenepo ndiye pali mbuna.

Msika wachiwiri kunabadwa nyimbo. Achule, omwe anali oimba a pabwalo, anaiyambitsa Likongwe atangomenyanso pansi. Inali nyimbo yothamanga, yoombera m'manja, yonena za mnyamata wina amene amalonjera dothi ngati apongozi ake, amene chikhatho chake chimasamba fumbi kuposa nkhuku. Wotsogolera ankafunsa chimene mwamuna weniweni amachita akapanidwa, khamu lonse n'kuvomera kuti amangokukuta mano, ndipo pothera pake onse ankamenya pansi monyoza, fumbi n'kuti koboo. Pofika madzulo ngakhale ana oyamwa ankaidziwa. Likongwe mwini wake anavina nawo.

Chiuli sanavine. Iye ankayang'ana. Anaona kuti msuweni wakeyo sapereka chiwalo chimodzi kawiri: lero khosi, msika winawo mkono, winawo mwendo. Anaonanso kuti sathamangira kumenya mfundo isanamangike. Ankadikira kaye kamphindi, atatsinzina, ngati mayi wolawa mchere m'ndiwo, kenaka pha pha pha. Ankalawa chiyani?

Anaitana Nsadzu, mbalame imene inkamulondolera ku njuchi, mnzake wa zaka zambiri, yekhayo amene ankamukhulupirira, ngakhale nayenso mwatheka chabe.

"Mayi, tandiyenderani kumbuyo kwa msuweni wangayu. Ine ndikuona ngati amapita kwa a Nsato ndi mazira. Anthuwa apangana."

Nsadzu anayenda, anabwerako.

"Kwa a Nsato sapondako n'komwe. Akachoka kumsika amapita pa muzu wina wa mkuyu wotumphukira pamtunda, n'kuuzenga ndi thupi lake lonse. Amaumasula, n'kuuzenganso mwina. Amalankhula nawo."

"Amati chiyani?"

"Amaufunsa ngati ukumva kuwawa."

"Mwaona! Kukhwima kumeneko!"

"Kapena akungoyeserera zimene a Nsato amamuchita," anatero Nsadzu.

"Mayi, inu mumadziwa za njuchi. Za afiti zisiyeni."

Misika inapita. Njiri anadya zigulumwa zingapo, ndipo mfumu inayamba kuchedwa kunena kuti zakwana, poti inkafuna kuona pamene kupirira kwa Njiri kunathera. Tsiku lina Nsato anamugwira Njiri maondo a miyendo yakutsogolo.

"Menya pansi, mwanawe," ananong'ona Nsato. "Apa pafika poipa."

Njiri anakweza chiboda. Achule anachiona, n'kuyambitsa nyimbo ija, khamu n'kuvomera. Chiboda chinaima m'mwamba, chinabwerera. Kenaka kunamveka phwa! ngati mphika wagwa pamwala. Mfumu inanena kuti zakwana zitakwana kale. Inamuponyera chigulumwa chachikulu kuposa zonse, iye n'kuchinyambita ali chigonere. Njiri anatuluka m'bwalo chogwada, ndipo mpaka lero akamadya amagwadabe.

Chiuli anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza. Kodi msika wathawu Likongwe sanalowe m'bwalo Njiri atangotuluka? Analowa. Kodi sanamenye chikhatho pomwe Njiri anaponda? Pomwepo ndithu. Ubweya unamuima pamsana.

"Akutapa mapazi athu," anatero yekha. "Kumenya pansi kuja n'kutola fumbi."

Kuyambira pamenepo ankabwera kumsika ndi nthambi ya masamba, ndipo akamaliza kulimbana ankatuluka m'bwalo chafutambuyo, akusesa paliponse pamene waponda. Koma mtima sunakhale pansi. Anakagwada kwa mfumu, khamu lonse likumva.

"Mfumu, ndili ndi mlandu. Likongweyu samenya pansi chifukwa cha ululu. Amatapa fumbi la mapazi athu n'kukalipereka ku muzu wa mkuyu. Maondo a Njiri athyoledwa ndi muzu."

"Maondo a Njiri ndathyola ndine," anatero Nsato. "Ndinalipo."

"Tione chikhathocho," inatero mfumu.

Likongwe anatambasula chamanja, anatambasula chamanzere, anagona chagada n'kuonetsa mapazi. Munalibe kanthu koma mizere yobadwa nayo. Kenaka anatembenuka n'kukweza mchira.

"Suzumiraninso kuno, asuweni, mwina ndabisa komweku."

Mfumu inaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kutachepa, Nsato analankhula, ndipo sanali kuseka.

"Ine ndalimbana ndi ambiri. Wothyoka sindimuonanso. Womenya pansi ndimaonana naye msika winawo, ndipo amabwera akudziwa kanthu kamene dzana sankakadziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindingamve ululu wa fupa la wina, mwini fupa ndiye anene."

Ena anagwedeza mitu. Chiuli nayenso anagwedeza mutu, koma pa chifukwa chake: nkhalamba ikumuikira kumbuyo mnyamatayo pakhamu! Kodi pangafunikenso umboni wina kuti mazira anayenda?

Patapita masiku Nsadzu anatulukira masana, mapiko ali wefuwefu.

"Bambo, lero ndiye ndabwera ndi nkhani yeniyeni. Ndamupeza kwa Achule, atanyamula lichero la ngumbi. Akuwaphunzitsa ndime yatsopano."

"Ya nyimbo iti?"

"Yomweyo yomunyozayo. Ndi yake. Anaipeka yekha kuchokera pachiyambi. Akaphonya amawakonza, amawauzanso poti aziyambira: wina akangokweza dzanja."

Ulendo uno Chiuli anaona bwinobwino, popanda muzu, popanda mazira.

"Njoka yamiyendo! Wadzipaka manyazi dala kuti ife tiziopa kumenya pansi, tizithyoka mmodzimmodzi."

Ananyamuka liwiro kupita kwa Nyani. Anamupeza akuwerama n'kudzuka, kulimbitsa thupi, n'kumufotokozera zonse. Nyani anamvetsera akukanda m'khwapa.

"Ndiye mukuti ine ndizimenya pansi?"

"Mukapanidwa poipa, inde."

"Inu mwamenyapo kangati?"

"Za ine ndi zina. Ine ndimapulumuka."

"Ehe." Nyani anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu ndi Likongwe pamaliro mumadyera mbale imodzi. Mwana wa azakhali anu ameneyo. Mwapangana kuti mundiimbitse nyimbo, mchere muzidya pachibale. Ndakuonani. Pitani bwino, mwana wa kapitawo."

Chiuli anabwerera akudabwa kuti padziko pangakhale nyama yokayikira chonchi.

Msika wotsatira Nsato anamugwira Nyani pakhosi. Kupanidwa pakhosi n'koipa chifukwa sikuwawa kwenikweni. Umangomva ng'oma zikupita kutali, maso n'kuyamba kuona tinyenyezi, iwe n'kumati ndikadali bwino. Nyani anakweza dzanja. Nyimbo inayamba. Anatembenuza diso, anaona Chiuli akumukodola kuti amenye, ndipo dzanja lija m'malo mopita pansi linapita kukakanda pamutu. Linakanda kamodzi, n'kugwa lokha ngati nsanza. Anamuthira madzi mitsuko iwiri, iye n'kudzidzimuka akufunsa amene wakolola chimanga chake. Moyo unabwerera, koma khosi linauma gwa. Msika winawo analephera ngakhale kudzutsa mutu pamphasa.

Anatsala awiri, pachisuweni.

Chiuli anamupeza Likongwe pa muzu uja, atauzenga, akupuma.

"Nyimbo ija ndi yako."

"Ndi yanga. Imakoma eti? Ndime yachiwiri ija inandivuta."

"Sukukana?"

"Ndikanirenji? Ine sindinathyole munthu. Ndinangoimba, manyaziwo anali awo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, asuweni, ndipo mwambi umenewo sindinapeke ndine."

Anamasula muzu, anakhala tsonga, ndipo kumwetulira kuja kunachoka.

"Koma tamverani. Nyimboyo ndinapekera Njiri ndi Nyani, osati inu. Tsiku lomaliza ndikadzakugwirani, ndikadzati menyani pansi, mudzamenye. A Nsato amazenga thupi lonse, n'chifukwa chake mumawapulumuka. Mwapulumuka msika uliwonse, ndiye simunamvepo mmene mfundo imamangikira. Ine ndazilawa zonse. Sindidzagwira khungu lanu."

"Udzagwira chiyani?"

"Chigongono. Chakumanjachi."

"Ukundiuziranji?"

"Chifukwa amayi anga ndi azakhali anu, ndipo akadzamva kuti ndakupundulani adzandikana."

Chiuli anaseka monga mwa mwambo, n'kumapita. Panjira anayamba kuwerengera. Mlenje amauza gwape pamene watchera msampha? Akati chigongono, ndiye kuti akufuna khosi. Kapena mwendo. Nanga bwanji anamulola Nsadzu kumva za nyimbo ija, masana dzuwa likuswa mtengo? Likongwe saoneka akapanda kufuna kuoneka. Ndiye kuti zonsezi, ngumbi, kuulula, nkhope yachisoni, azakhali, ndi chingwe chimodzi: akufuna kuti mwana wa kapitawo adzamenye pansi yekha, pakhamu, asanagwidwe n'komwe poopsa. Chiuli anamva mtima kupepuka. Tsopano anali atamugwira.

Chizimalupsa chinagwa, tsiku lomaliza linafika. Chiuli anadzola mafuta a nsatsi m'khosi, pamsana ndi m'miyendo mpaka kunyezimira. Mkono wamanja wokha anausiya wouma, kuti agwirire bwino.

"Lero mfumu sinena kuti zakwana," analengeza Nsato. "Lero kulimbana kutha wina akamenya pansi, kapena akalephera kupitiriza. Yambani."

Chiuli anayamba ngati moto wa m'chilimwe. Anamunyamula Likongwe n'kumuwombetsa pansi. Likongwe anadzuka. Anamunyamulanso n'kumuponya kumapazi a mfumu. Anadzukanso, akulavula dothi, poti ziwalo zake zonse zinali zamoyo. Kenaka analumphira pakhosi pa Chiuli, n'kutsetsereka pa mafuta aja mpaka kugwa chagada.

"Ndinadziwa," anatero Chiuli m'mtima. Anamuthamangira, n'kumukanikiza pachifuwa ndi dzanja lamanja kuti amalize.

Kamsana kaja kanapindika ngati luzi. Miyendo ya Likongwe inadutsa pachifuwa pa Chiuli n'kukolana, manja onse awiri anagwira pamfundo ya dzanja, mimba inatsamira kumbuyo kwa chigongono. Anagwa onse, mkono wa Chiuli utawongoka ngati mpini. Chiuli anachita zake zija, anatembenukira m'kati mwa khungu. Khungu linatembenuka. Chigongono chinatsala pomwepo.

"Yamangika, asuweni," ananong'ona Likongwe. "Menyani pansi."

"Masula, ndikuluma."

"Simundifika. Menyani. Ndatsala ndi kutukula chiuno basi."

Ululu unakwera kuchokera m'chigongono mpaka m'mano. Chiuli anali asanaumvepo wotere, ngakhale tsiku limene analumidwa ndi njuchi za ming'oma iwiri. Dzanja lamanzere linanyamuka lokha, linatambasuka, linalendewera pamwamba pa fumbi.

Achule analiona.

"Inu Achule, khalani chete!" anakuwa Likongwe. "Chete! Ngumbi zanga mubweza!"

Koma nyimbo inali itakula kuposa mwini wake. Achule akanaleka, khamu silikanaleka. Wotsogolera anafunsa funso lake lija, bwalo lonse linavomera za kukukuta mano, mfumu yomwe ikuombera ndi mapazi.

"Musawamvere," anatero Likongwe, mawu akunjenjemera. "Nyimbo imatha, mkono sumeranso. Mukamenya, mawa mudzuka bwinobwino, chaka chamawa mudzandilanda nthengayi. Chonde, asuweni."

Chonde? Liwu limenelo ndi limene linamuimitsa Chiuli. Likongwe kunena chonde? Wogwira zenizeni sapempha. Akanakhala ndi mphamvu yothyola mkono umene umang'amba ming'oma, bwenzi atathyola kale. Watopa ameneyu. Mpweya wamuthera, akunjenjemera, akufuna kugula ndi pakamwa chimene manja alephera. Ululuwu nawonso, ndani akudziwa, mwina ndi wa ku muzu uja, wongoopseza.

"Menyani, bambo!" anakuwa Nsadzu m'mwamba. "Uchi mudzafula ndi chiyani?"

"Nayenso wadya ngumbi," anatero Chiuli m'mtima.

Anayang'ana chikhatho chake chamanzere. Pang'onopang'ono anapinda zala, chimodzi ndi chimodzi, mpaka chinasanduka chibakera. Anachikweza m'mwamba kuti onse aone. Khamu linapenga.

Likongwe anayang'ana kwa Nsato. Nsato anazolika mutu. Likongwe anatsinzina, n'kutukula chiuno.

Thyo! Ngati phesi louma.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Likongwe anamasula msangamsanga n'kuima patali, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu. Chiuli anayesa kudzuka, anatsamira mkono uja, unapindikira kumene mkono supindikira, n'kugwa chafufumimba. Anayesanso. Anagwanso.

"Zatha," anatero Nsato.

Nthenga yofiira inasomekedwa pamutu pa Likongwe. Khamu lomwe lija linayamba kunena kuti linkadziwa kale, kuti mnyamatayo ankaoneka ndi kuyenda komwe. Dzuwa lisanalowe Achule anali atapeka nyimbo ina, yotama chikhatho chanzeru chimene chimadziwa nthawi yake, ndipo imeneyo sanalipidwe ndi wina aliyense.

Tsiku loti amtengatenga anyamuke, kapitawo watsopano anapatukira kwa msuweni wake. Anamupeza pakhonde, mkono utamangidwa m'timabango. Anakhala pansi chapatali, nthenga ataivula n'kuigwira m'manja.

"Amayi sakundilankhula," anatero.

Likongwe anatembenuza nthenga ija m'manja, n'kupitiriza.

"Mukachira, malo alipo. Ndikufuna wachiwiri wanga wosaopa mbola. Ndidzakuphunzitsani mfundo zonse, ndi mmene zimamvekera zikamangika."

Chiuli anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anasuzumira padenga ngati pali mbalame. Kenaka anasendera pafupi, akuteteza mkono wake, n'kutsitsa mawu.

"Tatsala awiri, palibe akumva. Nthenga watenga, mkono wathyola, palibenso chimene ungataye. Tsopano undiuze zoona, pachibale. Mankhwala aja anakupatsa ndani?"

Likongwe anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaimirira, anasomeka nthenga pamutu.

"Chirani bwino, asuweni."

Chiuli anamuperekeza ndi maso mpaka anakalowa pakati pa amtengatenga. Kenaka anagwedeza mutu, mtima uli m'malo.

"Mwaona? Wakana kutchula dzina."

Mkono uja unalumikizika mokhota, ndipo wachiwiri unachita kutengera kuti azifanana. N'chifukwa chake mukakumana ndi Chiuli panjira mumamuona akuyenda matewe, ali yekhayekha, akung'ung'udza, ngati wina wangomunamiza kumene.

Yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione isanapserere, ine ndatola ndodo yanga, njira ikudikira.